Sigma 35mm f/1.4 Art: ndemanga yanga nditaigwiritsa ntchito miyezi isanu ndi itatu

Ndimajambula zinkhoswe, maukwati ndi mapemphero a usiku, ndipo kamera yanga ndi Canon 80D. Kwa zaka zingapo ndinkangodalira lenzi yomwe inabwera ndi kamerayo, ya 18-55mm. Masana kunja imagwira bwino ntchito. Koma dzuwa likangolowa, kapena mukalowa m'holo ya mababu awiri okha, mavuto amayamba. Ukaikokera pa 55mm, kabowo kake kolowetsa kuwala kamathera pa f/5.6 (nambalayi ikamakula, kabowoko kamachepa), ndiye umakakamizika kukweza ISO (mlingo wa momwe kamera imamvera kuwala) mpaka 6400, nkhope za anthu n'kutuluka zamadontho ngati zawazidwa mchenga.

Lenzi ya Sigma imeneyi inatuluka mu 2012 pa mtengo wa madola 899. Ine ndinagula yogwiritsidwapo kale ntchito kudzera kwa mlamu wanga ku Johannesburg, komabe thumba linamva kuwawa.

Pa f/1.4 imalowetsa kuwala kochuluka maulendo 16 kuposa pa f/5.6. Kunena kwina, malo omwe ndinkajambula pa ISO 6400 tsopano ndimajambula pa 400. Izi ndinazionera pachinkhoswe china madzulo. Perekaniperekani ali mkati, magetsi anangoti phethi, jenereta ikuchedwa kulira. Anthu anayatsa matochi a mafoni, amayi ena akupitiriza kuvina ndi ma K1,000 m'manja. Ndinajambula namwali ataweramitsa mutu, kuwala kwa mafoni kukumenya tsaya limodzi, lichero la ndalama lili patsogolo pake. Chithunzi chimenecho ndi chomwe banjalo linakulitsa n'kupachika pabalaza. Ndi lenzi yakale ija, ndikanangoima n'kumadikira jenereta.

Kutchalitchi nakonso yandithandiza, chifukwa abusa ambiri safuna fulashi iziphethira pamene anthu akupemphera.

Tsono pali chinthu chomwe ogulitsa satchula, ndipo si vuto la lenzi iyi yokha, ndi momwe malenzi onse otseguka chonchi alili. Pa f/1.4 malo omwe amaoneka bwino ndi ochepetsetsa. Ukamuyandikira munthu, diso limodzi limatuluka lakuthwa, khutu lili mbuu. Tsiku lomwelo la chinkhoswe ndinaimika ankhoswe a mbali zonse m'mizere iwiri, n'kuiwala kusintha. A kutsogolo anaoneka bwino, a kumbuyo ngati ali m'nkhungu, ndipo malume ake a mkwati anali kumbuyo komweko. Ndinachita kupepesa. Gulu limafuna f/4 kapena f/5.6, ndipo ukafika pamenepo kuwala konse unalipira kuja kwatha, wabwereranso ku fulashi. Choncho musagulitse fulashi yanu.

Imalemeranso, magalamu 665. Ukayenda nayo kuyambira kutchalitchi m'mawa mpaka kumadyerero, khosi limadziwa. Ilibe choletsa kugwedezeka kwa dzanja, ndipo sikokeka, ukafuna kuyandikira umayenda ndi miyendo yako.

Mnzanga wina amagwiritsa ntchito Canon 50mm f/1.8 STM, ya magalamu 160, yomwe yatsopano inkagulidwa pafupifupi madola 125. Tinajambulapo limodzi usiku wina, ndipo kunena zoona kusiyana kwa kuwala pakati pa f/1.8 ndi f/1.4 n'kochepa, sikufika ngakhale kawiri. Pafoni ya kasitomala, kumene zithunzi zambiri zimathera pa WhatsApp, simungaloze kuti ichi ndi cha ndani. Pomwe ndimamuposa ndi m'zipinda zopanikiza. Pa 80D, poti kachipangizo kake kolandira chithunzi ndi kakang'ono, 50mm imaona malo ochepa ngati 80mm, ndiye mnzangayo amagunda khoma ndi msana akufuna kuti mkwatibwi ndi anamwali ake akwane onse. Yangayi imaona ngati 56mm, ndimapuma.

Ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ngati mumadya za kamera ndipo ntchito zanu zambiri ndi za m'nyumba ndi usiku, ndalama yake imabwerera. Ngati mumajambula ana kunyumba ndi ulendo wa kunyanja kamodzi pachaka, gulani ya 50mm f/1.8 ija, zotsalazo mugulire fulashi ndi batire lachiwiri.