Makapisozi a herbal otsitsa shuga, ndawamwa mwezi umodzi ndi masiku angapo: nyenyezi 2 pa 5

Ndinawagula kwa mayi wina wa kutchalitchi kwathu amene amagulitsa zinthu zimenezi pa WhatsApp, botolo la makapisozi 60 pa K28,000, kumwa limodzi m'mawa limodzi madzulo usanadye. Pa lebulo analemba kuti muli moringa, sinamoni ndi fenugreek. Moringayo ndi chammwamba chathu chomwechi, kwa agogo ku Chikwawa chili mbwee kuseri kwa bafa, timangothyola n'kutendera.

Ine anandipeza ndi shuga zaka zinayi zapitazo, ndimamwa mapilitsi a shuga a metformin a 500mg kawiri patsiku ndipo kamakina koyezera ndili nako pakhomo, nde sindikulemba zongomva ayi. Ndisanayambe makapisoziwa m'mawa ndisanadye kamawerenga cha m'ma 140, mwezi woyamba ndikumwa pamodzi ndi metformin kanali pa 135, tsiku lina 145, kusiyana kwake ine sindinakuone. Kumeza savuta, kungoti ukageya fungo lake ngati masamba ouma, komanso masiku atatu oyamba m'mimba munkangolira ngati muli achule.

Chimene chandichotsetsa nyenyezi ndi ichi. Amayi aja anati achimwene mukamaliza botolo loyamba mapilitsi akuchipatala muwasiye, makapisoziwa akuyeretsa magazi. Ine kupusa ndinamveradi, botolo lachiwiri ndinayamba kumwa popanda metformin. Masiku 6 okha, ludzu losatha, usiku kudzuka kanayi kukataya madzi, pa foni zilembo kumangooneka mbuu. Kuyeza, 236! Mayi akunyumba anangotenga botolo lija kulibisa m'kabati ya mbale, anati bambo mukufuna mundisiyire ana ndani. Ku kliniki ya shuga anesi sanandikalipire koma anandifunsa chimodzi, kodi pa botolopo alembapo kuti chilichonse chilimo chochuluka bwanji? Kubwerera kukayang'ana, palibe, ngakhale chizindikiro cha a PMRA (bungwe loyang'anira mankhwala) kapena a MBS (loona za ubwino wa katundu) palibe, deti yothera ntchito anachita kumata kasitika pamwamba. Anesiwo anandichenjezanso kuti amene amamwa mapilitsi ena a shuga otchedwa glibenclamide kapena kubaya insulin asamangophatikiza zitsamba mwachisawawa chifukwa shuga itha kutsika mopyola, munthu kuyamba kunjenjemera ndi thukuta mpaka kukomoka.

Panopa ndili cha m'ma 120 koma si makapisozi ayi. Ndinabwerera pa metformin, ufa woyera ndinasiya ndikudya mgaiwa mitanda iwiri m'malo mwa inayi, ndiwo zamasamba zambiri, tiyi wa masupuni atatu a shuga uja ndinatsanzikana naye ngakhale zimawawa, ndipo pochoka ku ntchito minibasi ndimatsikira siteji ya patali kuti ndiyendeko mphindi 30.

Nyenyezi ziwirizo ndapereka chifukwa anandibweretsera mpaka pakhomo tsiku lomwelo komanso amayi ogulitsawo ndi aulemu, mwina nawonso anangouzidwa choncho ndi amene amawaodetsa. Dzulo anandilembera kuti stock yatsopano yafika pali discount, ndinangoyankha kuti zikomo amayi, ndalamayo ndagulira ma strip oyezera.