Babatoni wanga uja watuluka m'dzinja ali moyo

Munafunsa muja kuti babatoni amene ndinagula kwa amdala ena a ku Katete akuyenda bwanji, manje ndingayankhe poti wapsa ndi dzuwa la Okutobala, mvula yonse wayionanso.

Kwa amene simumudziwa, ndiye besi ya gulu la mabanjo. Ng'oma yaikulu yokuta ndi chikopa cha ng'ombe, mtengo wautali kutulukira mmenemo, waya mmodzi basi. Dzanja lina kamtengo komenyera waya, dzanja lina botolo lopanda kanthu lomwe umayendetsa pa wayapo kusintha mawu. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay amaimba wotere, wake ngwautali pafupifupi mamita 3, wanga ndinapempha wofupikirako kuti ndizimangirira pa kaliya ya njinga, si mukudziwa kuno ku Chipata njinga ndiye galimoto yathu.

Mawu ndilibe nawo dandaulo. Mabanjo athu awiri ndi a zitini za mafuta ophikira, amalira mokweza koma mopyapyala, paokha anthu amangoima kuonerera, koma babatoni akangolowa pansi pake azimayi amayamba kumanga zitenje m'chiuno. Pa ukwati wina ku komboni ya Mchini magetsi anathima adije n'kukhala chete, ife tinangopitiriza, zingwe za magetsi tilibe nazo ntchito.

Vuto ndi chikopa. Kuyambira Disembala mpaka Malichi chimamwa chinyezi n'kulefuka, ukamenya waya kumangomveka bufu bufu ndipo kamtengo kokweza waya kamene kamakhala pa chikopapo kamatitimira. Mankhwala ake ndi mbaula, umayandikiza pang'ono uku ukugogoda ndi chala mpaka mawu atakwera, koma osati pafupi kwambiri chingang'ambike. Ndiye m'dzinja muzifika msanga pa pulogalamu, makala ali m'thumba.

Waya woyamba anachita dzimbiri n'kuduka. Ndinayesa kebulo ya buleki yogula ku msika wa Kapata, iyayi mwandi, tinsambo take timamasuka n'kumabaya zala komanso botolo siliterera bwino. Wa m'tayala la galimoto ndiye weniweni, koma muzichita kumusenda ndi mpeni, wootcha tayala uja amafewa sachedwa kuduka.

Chimene ambiri samva ndi ntchito ya woimba besi. Nyimbo zathu zambiri, za kalindula zomwe, zimazungulira pa makodi atatu, kodi ndiye mawu angapo olizidwa pamodzi, iwe yako ndi kugwira mutu wa kodi iliyonse, liwu lake loyambira, nthawi imodzi ndi ng'oma ya phazi, kubwereza zomwezo ngakhale mpaka mkono kuwawa. Mnyamata wina wa banjo ndinamubwereka tsiku lina, anayamba kuthamangitsa botolo uku ndi uku ngati akuimba lidi, ovina anasokonezeka mapazi n'kukhala pansi. Ndipo poti pamtengopo palibe mafuleti, tizitsulo topingasa tosonyeza pogwira ngati pa gitala, ndinalembapo timizere ta choko, osati penti, chifukwa a mabanjo amachuna ndi khutu, lero akwera mawa atsika, iwe uziwatsatira n'kufufuta.

Ngati gulu lanu limaimba panja, pa maukwati ndi pamsika, gulani, koma muwauze amdalawo akupatseni waya wapadera pomwepo ndipo chikopa chikhale cha ng'ombe osati cha mbuzi. A kwaya amene mumafuna kiyi yeniyeni yogwirizana ndi kiyibodi mudzavutika naye, pezani gitala ya besi. Ife kumapeto kwa Ogasiti tikufuna kukaimba kunja kwa bwalo la Kulamba ku Mkaika, nthawi imeneyo kumakhala kouma ndiye mbaula ndisiya kunyumba.