Wilibala yanga patatha miyezi 9, beringi yandidyera ndalama

Alamu anga a ku Chipoka anandiimbira dzulo kufunsa ngati agule wilibala ngati yangayi, ndipo afunsa tsiku lomwe ndangolipira kumene wowotcherera kachiwiri, ndiye mtima udakali m'mwamba.

Ndinaigula pa hadiweya ina pa Kamuzu Road ku Salima nditayamba kumanga ku Senga Bay. Beseni ndi lolimba, silinabooke mpaka lero. Chomwe ndinaikondera ndi zogwirira zake zazitali. Ndinayeza ndi tepi, kuchoka pa tayala kufika pogwira ndi 120 cm, ndiye katundu akakhala pa 40 cm kuchoka pa tayala manja amangonyamula gawo limodzi mwa magawo atatu, kwinako tayala ndi lomwe lasenza. Matumba awiri a simenti, 100 kg, m'manja mumamva ngati 33 kg, kuwonjezerapo gawo la kulemera kwa wilibalayo basi. Anyamata anga ankaunjika njerwa kumbuyo kufupi ndi zogwirira kenako nkumadandaula msana, ndinachita kuwauza kuti kankhirani katundu kutsogolo, anadabwa okha.

Koma beringi, kachitsulo ka pakati pa tayala komwe kamalithandiza kuzungulira, abale! Mchenga wa kunyanja kuno ndi wosalala, umalowa paliponse, ndipo beringi yake inabwera yopanda chotchinga. Mwezi wachiwiri inayamba kulira kwii kwii, wachitatu tayala likugwedera. Mphamvu yonse yomwe mwapulumutsa ponyamula imakathera pokankha chifukwa chitsulo chikukhulana ndi chitsulo, mtunda womwe mnyamata ankayenda osapuma pano amapuma kawiri. Ndinapaka girisi poganiza kuti ndathana nazo, ayi ndithu, mchenga unamatirira pa girisiyo nkuyamba kudya chitsulo chapakati ngati tupa. Tayala nalonso ndi lopyapyala, limatitimira, tinachita kuyala matabwa kuchoka pamsewu mpaka pa maziko.

Ndinabwerera kwa wogulitsa risiti ili m'manja. Anangoti "bwana mwina mumadzaza kwambiri", osadzuka ngakhale pampando kuti aione. Zinandiwawa chifukwa malata ndi misomali ndinagulanso pomwepo.

Ndalama ya maberingi awiri ndi wowotcherera ndikaphatikiza, bola ndikanawonjezera poyamba pomwe nkugula ya tayala lalikulu. Komabe nyumba yafika pa lintala ndi wilibala yomweyi, sindingainyoze yonse. Alamu, ngati kwanu kuli nthaka yolimba gulani, koma muyang'ane kaye ngati beringi ndi yotseka, ndipo pa shopu ija ine sindikuperekezani.