Zotsukira mfuti: kiti ya m'bokosi, mafuta ochokera kunja, kapena a makina osokera?

Anzanga amene muli ndi mfuti zachilolezo kuno ku Angónia, Tsangano mpaka ku Moatize, komanso alonda amene mumapatsidwa mfuti kuntchito koma osakupatsani chotsukira, funso lanu lakhala limodzimodzi, akuti tigule chani. Ndiye ndati ndingolemba kamodzi basi. Ine ndili ndi ya saizi 12 ya zipolopolo zomwazika ija ndi ina ya mpweya ya mamilimita 4.5, ndiye zomwe ndinene zichokera pa ziwirizi. Zoti musanagwire kansanza muyambe mwathyola mfuti, kuchotsa chipolopolo, kuyang'ana ndi maso anu kuti m'paipi mulibe kanthu, zipolopolo kuziyika kutali ndipo ana atuluke, izi sindikambirana ndi munthu, amene sachita zimenezi asapitilize kuwerenga.

Ndiyambe ndi chomwe chimandiwawabe mumtima, ma kiti a m'bokosi lonyezimira aja olembedwa kuti amatsuka mfuti yamtundu uliwonse. Ndinagula imodzi mu loja ina mu mzinda wa Tete, bokosi lokongola, mukatsegula mabulashi andandalikidwa kuyambira kakang'ono mpaka wamkulu, tindodo titatu tolumikiza, kabotolo ka mafuta kopanda dzina. Kufika nayo kunyumba ndinalumikiza tindodo tija ndikumanga bulashi ya 12, kukankha koyamba zinayenda, kachiwiri mazinga a pakati anangoti pululu, theka la ndodo m'manja mwanga, theka lina ndi bulashi yake zatsala pakati pa paipi. Chitsulo cha tindodoto nchofewa zedi moti mazinga ake mutha kuwafufuta ndi chikhadabo champhamvu. Ndinavutika nazo madzulo onse kuti zituluke osakanda mkati.

Chomwe chinandipsetsa mtima kwambiri ndi bulashi. Pabokosi analemba kuti ndi ya bronze, mtundu wake wachikasu ndithu. Ndinatenga maginito a sipika ya wailesi yakale ndikuyandikiza ku timawaya take, tinamata nganganga. Bronze samata ku maginito abale, imene ija inali waya wachitsulo wongopaka utoto, ndipo waya wachitsulo ndi amene amakanda mkati mwa paipi, pokandika paja ndi pomwe dzimbiri limayambira. Bulashi yeniyeni amaipanga ndi bronze dala chifukwa ndi yofewa kuposa chitsulo cha mfuti, imatha ndi bulashiyo mfuti nkutsala bwinobwino. Nditaimba foni ku loja kuja anandiyankha kuti katundu akatuluka pakhomo sabwerera, ndipo ngakhale akanalola, kuchoka ku Ulongué kupita ku Tete ndi makilomita oposa 200, ndalama ya chapa (minibasi) kupita ndi kubwera inali yoposa mtengo wa bokosilo. Ndiye ngati mwaumirira kugula kiti, nyamulani maginito m'thumba, yesani pa timawaya osati pa tsinde lake, ndipo mumange ndi kumasula bulashi iliyonse muli momwemo mu loja. Dziwaninso kuti mazinga a zinthu za ku America ndi a za ku Ulaya nthawi zambiri sagwirizana, mutha kugula bulashi yabwino kwina nkukana kulowa pa ndodo yanu. Mu mabulashi onse aja a m'bokosi inu mufunapo imodzi kapena ziwiri, zinazo mwalipilira mfuti zomwe mulibe.

Chomwe ndimagwiritsa ntchito pano ndi chingwe chokoka chija, chodziwika kwambiri ndi BoreSnake ya Hoppe's. Kumapeto kwake kuli kachitsulo ka mkuwa kolemera, mumakagwetsera kumbuyo komwe kumalowa chipolopolo, kakatulukira kukamwa mumakoka, chingwecho chili ndi timawaya ta bronze tolukidwa momwemo ndiye kukoka kawiri katatu mwaye wachoka. Chimalowa m'thumba la jekete, palibe mazinga oti athe. Koma gulani cha saizi ya mfuti yanu, cha 12 ndi cha 12 basi paipi yake ndi pafupifupi mamilimita 18.5, ndipo muzichichapa ndi sopo nkuchiyanika chiume gwa, chifukwa chikadzaza mchenga mukhala mukupala mfuti yanu nokha. Chikayamba kunyotsoka chitayeni chisanadukire mkati. Pa mtovu ndi pulasitiki zomwe zakakamira kwa nthawi yaitali chingwe sichikwanitsa, pamenepo pamafunika ndodo yathunthu yosalumikiza ndi bulashi, ndipo bulashi mukaikankha ituluke kaye mbali inayo musanaibweze, mukaibweza ili pakati imagwira.

Nsanza musagule. T-shirt yakale ya thonje kapena flanelo ya pa kaunjika, kuchapa, kudula timabwalo, zatha. Nayiloni ayi, samwa mafuta.

Tsopano mafuta, apa ndipomwe timatsutsana ndi anzanga. Ambiri kwathu kuno amathira mafuta a makina osokera, ndipo ine sindiwanyoza. Ndi mafuta oyera, opepuka, samata msanga, amapezeka pa msika uliwonse kuyambira pa Ulongué mpaka pa Zóbuè ndipo mtengo wake ndi wa aliyense. Vuto lake ndi loti satsuka, amangofewetsa ndi kutchinga dzimbiri pang'ono, ndipo kotentha ngati mu Tete mwezi wa October ndi November pomwe kumapitilira madigiri 40 amayenderera nkusiya chitsulo chili mbee, ndiye muyenera kupaka pafupipafupi. Oyilo wa injini watsopano amakhalitsa koma ndi wolemera, amakoka fumbi, m'chilimwe mfuti yonse imakhala phala lakuda. Oyilo wotsala pokhetsa mu galimoto kapena njinga yamoto, amene alonda ena amapempha ku galaja, chonde ayi, muli tizitsulo ndi mwaye. Mafuta ophikira ndiye oipitsitsa, amauma nkumata ngati zija zimakakamira m'mbali mwa chiwaya cha tchipisi, ndinaonapo mfuti ya amalume ena ku Domué itakana kuthyoka chifukwa cha zomwezo, tinachita kuyinyika zitsulo zake mu parafini kuti zimasuke. Parafini ndi wabwino potsuka zomata zotere koma akatha ntchito mupukute ndikupaka mafuta, yekha satchinga dzimbiri.

WD-40 ndi amene aliyense amathamangira chifukwa ali mu loja iliyonse ya zitsulo. Anapangidwa mu 1953 ku San Diego ndipo ntchito yake yeniyeni ndi kuthamangitsa madzi pa chitsulo. Mvula ikakupezani kumunda mfuti yanyowa, mupopereni, wachita ntchito yake. Koma ndi wopepuka kwambiri, gawo lalikulu limauluka, ndiye musamuwerengere ngati mafuta osungira mfuti miyezi, mupukuteni mupake ena pamwamba.

Hoppe's No. 9, wa ku America wa kuyambira 1903, posungunula mwaye wa onga ndi mtovu ndi katswiri, apa sindikana. Koma ndi wotsukira chabe, mukamaliza mufunikanso botolo lina la mafuta, ndiye ndi mabotolo awiri. Ndipo ngati mukuitanitsa ku Johannesburg muwerengetse bwino, chifukwa zamadzimadzi zoyaka ndi zopopera ambiri otumiza katundu pa ndege amakana, zimabwera pamsewu kudzera ku Zimbabwe kulowera pa Cuchamano. Munthu amene anandibweretsera ine tinagwirizana mtengo umodzi, katundu atafika anayamba kuwonjezera, akuti ya alfândega (msonkho wa pa malire), akuti msonkho wa IVA wa 16%, akutinso ina chifukwa botolo ndi la mankhwala linafunika kulongedza palokha, risiti osaonetsa ngakhale imodzi. Msonkho ndi lamulo ndipo ndilibe nawo vuto, chomwe ndimadana nacho ndi kuuzidwa katundu ali kale m'manja mwake, ndipo mapeto ake zowonjezerazo zinaposa mtengo wa botolo. Muuzane mtengo wonse wofikitsa pakhomo asananyamuke, ndipo zikhale zolembedwa pa foni.

Break-Free CLP amachita zitatu botolo limodzi, kutsuka, kufewetsa ndi kuteteza, asilikali a ku America amagwiritsa ntchito mafuta amtundu umenewu. Ndi wabwino, mukamupeza gulani.

Koma ine wanga ndi Ballistol ndipo sindibisa kuti ndimamukondera. Ndi wa ku Germany, banja la Klever linamupanga mu 1904 kuti asilikali akhale ndi mafuta amodzi a chitsulo, mtengo ndi chikopa chomwe. Ichi nchimene chimandigwira mtima, chifukwa mfuti zathu zambiri kumbuyo kwake ndi mtengo ndipo lamba ndi wachikopa, ndiye kansanza kamodzi mumapukuta paliponse osaopa kuti mwaononga. Samata ngakhale mfuti itakhala miyezi. Amasakanikirana ndi madzi nkusanduka oyera, madziwo akauma mafuta amatsalira pa chitsulo, ndiye amene mumapatsidwa zipolopolo zakale za chisilikali zija zomwe zimasiya mchere m'paipi, dziwani kuti mchere umenewo sumachoka ndi mafuta okha, umafuna madzi, ndipo Ballistol wothira madzi amathandiza pamenepo. Fungo lake ndi lamphamvu, mayi akunyumba anandiuza kuti ndizitsukira pakhonde. Ena amati pa mtovu wokakamira amachedwa kuyerekeza ndi Hoppe's, nzoona, mumusiye anyowe kwa kanthawi musanakoke. Tengani wa m'botolo osati wopopera, wopopera theka limathera mumphepo.

Za mfuti ya mpweya ya sipiring'i, apa mverani bwino chifukwa anyamata ambiri akuononga mfuti zawo. Musathire mafuta a makina, oyilo kapena WD-40 pa kabowo komwe mpweya umatulukira. Mpweya ukapanikizika umatentha, mafutawo amayaka monga imachitira injini ya dizilo, mumva phokoso lalikulu ndi utsi nkumaganiza kuti mfuti yawonjezera mphamvu pomwe labala wamkati akupsa ndipo sipiring'i itha kuthyoka. M'menemo mumalowa mafuta a silicone okha, kadontho kamodzi patapita nthawi yaitali. Paipi yake sifuna bulashi yachitsulo chilichonse, kansanza kokoka ndi ulusi wolimba kakwana.

Kuno kumtunda mdani wathu ndi chinyezi cha dzinja, kuyambira December mpaka March, ndipo thukuta la m'manja lokha limasiya zala zanu zitajambulika ndi dzimbiri pa paipi. Mukagwira pukutani. Musasunge mfuti m'chikwama cha siponji mkati, chimasunga chinyontho, chikwama ndi choyendera basi. Mukapaka mafuta muimike kukamwa kuli pansi kwa tsiku limodzi kuti otsala asatsikire mu mtengo, chifukwa mtengo ukamwa mafuta ambiri umada nkufewa pomwe wagwirana ndi chitsulo. Musanawombere kokani kansanza kouma m'paipi, ndipo zipolopolo zisakhudzane ndi mafuta. Mu kabati yokhoma momwe mumasungira ponyanimo timapaketi ta silica gel tija timabwera m'mabokosi a nsapato ndi a mafoni, ogulitsa nsapato pa msika amangotitaya, mukawapempha amakupatsani ulere.