Galimoto ya hayala kuchoka Tete kupita Lilongwe, dalaivala anatidutsitsa ku Angonia

Amene mukuganiza zotenga galimoto ya hayala limodzi ndi dalaivala wake kuchoka kuno ku Tete kupita ku Lilongwe nthawi ya holide, ine ndinena kuti tengani, koma muyambe mwafunsa kaye ngati dalaivalayo amaidziwa njira ya ku Angonia. Ife tinatenga ku kakampani kena kakang'ono ka tsidya la ku Matundo, dzina sinditchula chifukwa pali zina zomwe sizinandisangalatse ndipo ndizinena pansipa, koma pa nkhani yosankha msewu anthu amenewa anatithandiza kwambiri.

Njira zake ndi ziwiri ndipo zonse zimayambira pamodzi. Mumaoloka Zambezi pa buliji ya Samora Machel, kulipira pageti, kudutsa Moatize mumsewu wa N7 mpaka pa mphambano ya Mussacama. Pamenepo ndi pamene pamakhala nkhani. Mukapitirira kutsogolo mufika pa boda ya Zobue, pafupifupi makilomita 120 kuchoka mu town ya Tete, kenako Mwanza, Zalewa, ndiye mukwere M1 kudzera Ntcheu ndi Dedza. Mukakhotera kumanzere mulowa N304, mudutsa Ulongue m'boma la Angonia nkukatulukira pa boda ya Calomue yomwe mbali ya Malawi amangoti ya Dedza, ndipo kuchoka apo Lilongwe watsala ndi makilomita ngati 85 basi.

Amuna anga amafuna ya ku Zobue poti ndi yomwe anaizolowera popita ku Blantyre pa ntchito, komanso amati boda yayikulu ndi imene imakhala ndi zonse. Achimwene otiyendetsawo sanatsutse mwamwano ayi, anangofunsa kuti kodi ku Blantyre kuli chomwe mukukatenga? Titati ayi anayamba kufotokoza bwinobwino, ndipo zomwe ananenazo tinadzazionadi ndi maso. Ya ku Mwanza imakutsitsani kaye kum'mawa mpaka kufupi ndi mtsinje wa Shire kenako nkuyamba kukwera kumpoto, ndiye mtunda umachuluka, mafuta amachuluka, kuphatikizanso tollgate ya Chingeni. Chachiwiri ndi mathiraki. Msewu wa Tete kupita Zobue ndi womwe umanyamula katundu wa Malawi wochokera ku doko la Beira, ku Zimbabwe ndi ku Joni, ndiye mukafika nthawi yolakwika mzere wa mathiraki ndi mathanki a mafuta umayambira kutali ndi geti, ndipo ngakhale magalimoto ang'onoang'ono amadutsa pambali, mkati mwa ofesi mumakapezanabe ndi anthu omwewo komanso a mabasi akutali atsika onse nthawi imodzi. Uli ndi ana awiri ang'ono kumbuyo zimenezo sizocheza.

Koma chimene chinandikoka mtima ine ndi kuzizira. Amene mumakhala ku Tete mukudziwa kuti October ndi November kuno kumapitirira madigiri 40, mwana amalira osadziwa chomwe chikumuliza. Mukangokhota pa Mussacama msewu umayamba kukwera pang'onopang'ono, malambe aja amatha, mphepo imasintha, pofika ku Ulongue tinatsegula mawindo ana anagona tulo tabwino ngati tawasambitsa. Minda ya chimanga, ya mbatatesi, kabichi, nyemba, anthu akugulitsa m'mbali mwa msewu mitengo yake yosiyana kutali ndi ya pamsika mu town, ndipo onse akulankhula Chichewa chathu chomwechi moti kutsitsana mtengo sikuvuta. Mai anga akwawo ndi cha ku Domue, ndiye kwa ine kudutsa dera limenelija palokha ndi holide kale, mwina nchifukwa chake ndikuikonda chonchi njirayi koma ngakhale amuna anga amene alibe m'bale kumeneko anavomera kuti tinachita bwino.

Dalaivalayo anatiuzanso kuti tithire thanki yonse pa bomba ku Ulongue tisanaoloke, chifukwa ku Malawi mafuta amatha kusowa nthawi zina ndipo simufuna kuyamba holide muli pamzere. Anatithandiza kusintha ndalama pang'ono chabe za kwacha zolipira pageti ndi madzi, anati zambiri mukasinthe ku banki kapena ku bureau mu Lilongwe. Pa boda ankadziwa windo loyambira ndi lomalizira, pepala la galimoto lija amati TIP ndi inshuwalansi ya mbali ya Malawi anayendetsa yekha ife tikudinditsa mapasipoti. Kuyendetsa kwake kunalinso kofatsa, malo a maenje ndi pamene pali njinga zambiri amachepetsa liwiro osachita kuuzidwa, ndipo njinga ndi njinga zamoto ku Angonia nzambiri zedi makamaka tsiku la msika.

Tsopano zomwe zinandikhumudwitsa. Ku ofesi anatiuza mtengo umodzi nkunena kuti zonse zili momwemo, koma titafika pa boda zinapezeka kuti ndalama ya inshuwalansi ndi mapepala a galimoto ndi yathu. Si kuti ndi ndalama yoti munthu angagwe nayo, koma ukakonza bajeti ya banja umafuna kudziwa zonse usananyamuke, ndipo dalaivala naye anaoneka kuti zamuchititsa manyazi poti si iye anapangana nafe. Muwauze alembe papepala kuti mageti, inshuwalansi, chakudya ndi malo ogona a dalaivala alipira ndani. China, galimoto inabwera mochedwa kudzatitenga m'mawa, tinapangana kusanache koma inafika dzuwa litatuluka kale, ndiye gawo lotentha la Moatize mpaka Mussacama tinalidutsa AC ikungopuma mofooka pakati pa fumbi la malasha ndi mathiraki. Mpando wa mwana analibenso, tinatenga wathu.

Sindikunena kuti njira ya ku Zobue ndi yoipa. Ngati mukupita ku Blantyre, Zomba kapena Mulanje palibe chokambirana, ndi yomweyo, ndipo nyengo yake manachesi a pa Mwanza ndi okoma. Ngakhale opita ku Lilongwe amene akufuna kuima pa Lizulu kapena pa Tsangano turn off kugula ndiwo akhoza kuikonda, M1 pamenepo imayenda m'malire enieni, mbali ina Malawi mbali ina kwathu. Koma kwa banja lomwe likungofuna kufika ku Lilongwe kapena kupitirira kunyanja ku Salima, ya ku Calomue ndi yaifupi komanso yopepuka m'thupi, ndipo ngati nthawi ilipo mutha kuima ku Dedza Pottery kumwa tiyi kapena kukaona zojambula zakale za m'mapanga a Chongoni zomwe UNESCO inazilemba m'kaundula wake mu 2006.

Pa nyenyezi zisanu ndikuwapatsa zinayi, ndipo zitatu mwa izo ndi za dalaivala. Tikadzapitanso ndidzatenga komweko koma ndidzapempha munthu yemweyo, ndipo za boda zidzalembedwa tisanapereke ndalama yoyamba.