Basi yaikulu ya Salima kupita ku Blantyre: iwathandiza bwanji okaoda katundu?

Wamalonda wa pa Kamuzu Road ku Salima kapena wa ku Nkhotakota akafuna katundu wambiri pamtengo wopikulitsa, maso amaloza ku Lilongwe chifukwa ndi pafupi. Koma pali zinthu zimene gwero lake ndi Blantyre basi. Mafakitale ali ku Makata ndi ku Chirimba, mashopu akuluakulu oodetsa adzaza m'Limbe, likulu la National Bank of Malawi lili pakati pa tauni ya Blantyre, Malawi Stock Exchange komweko, ngakhalenso likulu la bungwe lotolera misonkho la MRA ku Msonkho House. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 800,000 mumzindawu. Ndalama za dziko lino zimazungulira kumeneko, n'chifukwa chake basi yaikulu yodzera msewu wa m'mbali mwa nyanja ndi yofunika kuiunika bwino.

Ulendo wochokera ku Salima ndi wa makilomita pafupifupi 300. Basi imatsata M5 kudutsa Chipoka, Mua ndi Golomoti, n'kukalowa mu M1 kufupi ndi Balaka, kenako Zalewa, Lirangwe, Lunzu mpaka pa depoti ya Wenela. Msewu ukakhala bwino werengerani maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Nyengo ya mvula onjezerani, chifukwa M5 imakumbika msanga ndipo madzi akasefukira pa milatho yaing'ono magalimoto amaima kudikira.

Ubwino wake waukulu ndi wakuti simutsitsidwa panjira. Pa minibasi, kondakitala akaona kuti anthu achepa amakugulitsani kwa mnzake pa Golomoti kapena pa Balaka, ndipo katundu wanu amatsitsidwa ndi kukwezedwa kawiri kapena katatu. Thumba la mpunga limang'ambika pamenepo, usipa wouma umafumbutuka n'kusanduka ufa. Mu basi yaikulu katundu akalowa m'buti amatuluka kamodzi. Kwa munthu wonyamula matumba a makilogalamu 50, ichi chokha chikukwanira kusankha basi yaikulu ngakhale tikiti yake itakwererapo.

Pamene ntchitoyi imafooka ndi pa kasamalidwe ka katundu yemweyo. Tikiti ya munthu amalemba bwino, koma ya katundu nthawi zambiri mtengo wake ndi wapakamwa, woyang'ana kukula kwa thumba ndi nkhope ya mwini wake. Gwirizanani mtengo katundu asanakwezedwe, ndipo uzani kondakitala alembe chiwerengero cha matumba kuseri kwa tikiti yanu. Thumba lililonse lilembeni mbali ziwiri ndi cholembera chosafufutika: dzina, nambala ya foni ndi kumene mukutsikira. Matumba oyera amafanana onse, ndipo usiku pa Zalewa kapena pa Lunzu wotsika amatha kutenga lanu mosadziwa, mwinanso modziwa. Basi ikaima malo amenewa, tsikani muime pafupi ndi buti. Nsomba zouma muziike m'dengu kapena m'katoni yolimba, ndipo muonetsetse kuti zakhala pamwamba. M'buti mumatentha, choncho nsomba yosauma bwino imafika itayamba fungo ndipo wogula ku Limbe amatsitsa mtengo pomwepo.

Nthawi nayo ndi vuto. Basi zambiri zimafika pa Salima zitachokera kale kumpoto, ndiye ola limene mwauzidwa ndi longoyerekeza, ndipo mpando ungasowe. Okwerera ku Nkhotakota amapezako mwayi pang'ono. Tengani nambala ya kondakitala masana, muimbe kufunsa pamene afika. Ya usiku imakufikitsani ku Wenela kusanache. Musatuluke ndi katundu mumdima; khalani m'basi kapena pamalo owala mpaka kuyere, kenako mukwere minibasi ya ku Limbe. Ndipo musanyengedwe ndi kutentha kwa kunyanja kuno. Mwezi wa June ndi July ku Blantyre kumagwa chiperoni, kamphepo konyowa kolowa m'mafupa, ndiye juzi ikhale m'manja osati m'buti.

Za ndalama tinene mosabisa: musayende ndi mpukutu. Ndalama yaikulu kwambiri yapepala ndi K5,000, choncho K1,000,000 ndi mapepala 200, mtolo woonekera ngakhale muumange m'chitenje. Ikani ndalamazo ku banki kuno ku Salima dzulo lake, kapena mu Airtel Money ndi Mpamba. Koma funsani kaye malire a ndalama zimene akaunti yanu ingatulutse patsiku, chifukwa ambiri amadzazindikira ali kale pakauntala kuti sangalipire zonse nthawi imodzi. Ma ejenti a m'misewu nawo m'mawa amakhala alibe ndalama zokwanira kukupatsani zambiri. Mabanki ambiri amatseka cha m'ma 3 koloko masana, ndipo kumapeto kwa mwezi mizere imatuluka panja, ndiye za ku banki yambani nazo. Mashopu ena oodetsa amalola kulipira pafoni kapena pakhadi. Funsani musanasankhe katundu.

Pobwerera, lisiti ndi chishango chanu. Pa lodibuloko ya Zalewa apolisi amatha kutsegulitsa buti, ndipo makatoni atsopano opanda lisiti amadzetsa mafunso amene amachedwetsa basi yonse. Pemphani lisiti ya makina yosonyeza msonkho, muisunge m'thumba la malaya, osati m'katoni. Zosweka monga mbale ndi mabeseni apulasitiki zikwezedwe pomaliza. Mafuta ophikira aikidwe choimirira, kutali ndi zitenje ndi shuga, pakuti chigubu chimodzi chikadontha chimaononga katundu wa anthu atatu.

Kodi ndi yoyenera ndani? Amene akukatenga makatoni awiri okha a sopo asavutike, phindu lonse lithera pa tikiti. Lilongwe ili pa makilomita pafupifupi 100 ndipo apita n'kubwerako tsiku lomwelo. Koma wopita ndi mpunga kapena nsomba, n'kubwera ndi katundu wodzaza shopu, basi yaikulu imuthandiza kuposa minibasi. Eni mabasiwa akanangoyamba kupereka tikiti ya katundu yokhala ndi nambala, ina kumata pathumba ina kupatsa mwini, madandaulo ambiri a pa Kamuzu Road akanatha.