Mwana aphunzire ski pagulu kapena payekha?

Mukapita ndi ana kutchuthi kumapiri a chipale chofewa kukaphunzira ski (masewera otsetsereka pachipale mutavala ma ski, timatabwa tiwiri tatitali tomangirira kumapazi), muyenera kusankha: mwana alowe kalasi ya gulu, kapena mumupezere mphunzitsi wakewake?

Gulu ndi lotchipa, ndipo ana amalimbitsana mtima. Mwana akaona mnzake wagwa, wadzuka, wasasa chipale m'magolovesi n'kupitiriza, nayenso misozi imauma msanga. Ku France, sukulu yophunzitsa ski ya ESF (École du Ski Français) imalandira ana kuyambira zaka 3 ku Club Piou Piou, kalasi ya ana aang'ono, ndipo akamakula amayesedwa pakutha pa sabata n'kulandira kamendulo ka Ourson kapena Flocon. Ana amakanyadira kwabasi kamendulo kameneka! Vuto ndi lakuti maso a mphunzitsi mmodzi sangakwanire ana onse. Wamanyazi amatsalira kumbuyo, zala zikuuma ndi kuzizira podikira nthawi yake.

Mphunzitsi wapayekha ndi wodula, koma amaona pompopompo mwana akamatsamira kumbuyo, kapena akamalephera kuyandikizitsa nsonga za ma ski kuti aime.

Ine mwana wochezeka ndingamusiye pagulu mtima uli m'malo. Koma wamantha, kapena amene anagwapo moipa, ndingamuyambitse payekha masiku awiri, kenako akapeze anzake.